Kodi Chifundo Chiyenera Kupha Mwini Wake?

Usiku anthu akagona m'midzi, nyali za m'chipatala sizizima. Pamenepo namwino ayendayenda pakati pa makama, ali yekha kapena ndi mnzake mmodzi, chonsecho odwala ndi ambiri, ena mpaka agona pansi. Uyu afuna mankhwala, uyo abuula ndi ululu, pakhomo mayi alira kuti mwana wake wakomoka. Namwinoyo sanadye chiyambire masana, ndipo miyendo yamtupa, koma sangathe kukhala pansi. Kukacha, womlandira ntchito akachedwa kapena akadwala, iye apitirira mpaka dzuwa litakwera.

Anthu oona zimenezi amati, "Mayi uja ndi wa mtima wabwino." Anenadi zoona. Koma m'Chichewa liwu lakuti mtima liri ndi matanthauzo awiri. Pali mtima wochita chifundo, umene anthu autamanda. Palinso mtima wa mnofu, umene ugunda m'chifuwa. Tsono funso lovuta ndi ili: kodi nkoyenera kuti mtima woyambawo uononge wachiwiriwo?

Mtima ndi ntchito yake

Mtima wa munthu ndi waukulu ngati nkhonya ya mwini wake. Ntchito yake ndiyo kupopa magazi kuti azungulire thupi lonse, monga anafotokozera sing'anga wa ku England, William Harvey, m'chaka cha 1628. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake ugunda ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku ugunda pafupifupi ka 100,000.

Munthu akaona choopsa, monga mkango kapena moto, thupi lake lithira m'magazi madzi ena otchedwa adrenaline. Pomwepo mtima uthamanga ndi magazi ayenda mwamphamvu, kuti munthuyo athe kuthawa kapena kudziteteza. Choopsacho chikapita, mtima ukhala pansi. Akagona tulo, magazi ayenda mofatsa, mtima nupumako. Umo ndimo thupi linapangidwira.

Koma wogwira ntchito m'chipatala mkango wake suchoka. Nkhawa imgwira m'mawa, imgwiranso usiku. Tulo take ndi tochepa, ndipo tibwera pa nthawi yosayenera. Zimenezi zikapitirira zaka zambiri, zithandizira kubweretsa nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri aitcha BP. Mitsempha iuma niichepa m'kati, mtima nulema. Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, munthu angagwe mwadzidzidzi. Wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, munthu afa ziwalo. Choipa chake, nthendayi ikula mwakachetechete, mwini wake osamva kanthu.

Zimene anzeru anapeza

Izi si zongoganizira. M'chaka cha 2021 mabungwe awiri a maiko onse, loona za umoyo la WHO ndi loona za ntchito la ILO, analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 anafa ndi nthenda ya mtima ndiponso ya kufa ziwalo chifukwa cha kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu. Ku America, kuyambira m'chaka cha 1976, ophunzira anayamba kutsatira moyo wa anamwino oposa 100,000. Mwa zina anapeza kuti amene anagwira zaka zambiri ntchito yosinthasintha, lero usana mawa usiku, nthenda ya mtima inawapeza kochulukirapo pang'ono kuposa anzao osagwira usiku.

Munthu wina wophunzira, Robert Karasek, analongosola m'chaka cha 1979 kuti ntchito yovutitsa kwambiri ndiyo imene iri yochuluka, koma mwini wake alibe mphamvu yonenapo kanthu pa kagwiridwe kake. Kotero nkhani iyi siikhudza dotolo ndi namwino okha. Ikhudzanso wokolopa, wochapa nsalu za odwala, wokankha machira ndi mlonda wa pachipata, anthu amene alamulidwa ndi aliyense, koma iwo salamula munthu.

Mbali ziwiri za mlandu

Ena amati, "Walira mvula walira matope. Ntchitoyi anaisankha yekha, ndipo wodwala sangadikire kuti namwino ayambe wagona." Mau amenewa ali ndi choonadi chake. Ntchito ya m'chipatala siifanana ndi ya m'munda, kumene munthu akatopa aika khasu pansi nabweranso mawa, chimanga chiri chomwecho. Mayi amene magazi akumtayika pobereka sangayembekeze mawa. Ndipo pali masiku ena pamene kudzipereka kopitirira muyeso ndiko koyenera. Pamene mliri wa COVID-19 unafika m'chaka cha 2020, ndi pamene kolera inasautsa Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023, antchito a m'zipatala anaiwala tulo ndi mabanja ao. Palibe munthu wanzeru amene angati analakwa.

Koma mliri ndi mlendo, ubwera nupita. Cholakwa chiyamba pamene tsiku lirilonse lasanduka tsiku la mliri, ndipo katundu wa anthu atatu asenzetsedwa munthu mmodzi chaka ndi chaka, anthu namutonthoza ndi mau akuti ali ndi mtima wabwino.

Akuluakulu akale anali ndi nthano ya nkhwali. Moto utazinga thengo, njoka inapempha nkhwali kuti iipulumutse. Nkhwali inalola kuti njokayo idzikulunge m'khosi mwake, niuluka nayo kuolotsa moto. Zitatera, njoka inakana kumasuka, ndipo nkhwali inafa. Ndimo munachokera mwambi wakuti chifundo chinapha nkhwali. Pa nkhani ino wowerenga asayese kuti njoka ndiye wodwala, iai. Wodwala alibe mlandu. Njoka ndiyo ntchito yopanda malire, imene ilowa m'khosi mwa munthu kudzera pa chifundo chake, nikana kumasuka.

Pali zifukwa ziwiri zokanira kuti chifundo chiphe mwini wake. Choyamba, wodwazika odwala nayenso ndi munthu. Ali ndi ana oyembekeza nsima, ndi makolo omdalira. Moyo wake suchepa mtengo poyerekeza ndi wa iye amene wagona pakama. Chachiwiri, kutopa kwake kubwerera kwa odwala omwewo. Maso atulo awerenga molakwa muyeso wa mankhwala. Ndiponso mtima wolema uyamba kuuma usanaleke kugunda. Anthu ambiri adandaula kuti namwino wina anawakalipira. Kutopa sikuchotsa mlandu wa mau achipongwe, pakuti wodwala ayenera ulemu nthawi zonse. Komabe wofuna kuthetsa ukaliwo ayenera kufunsanso kumene unachokera.

Ngongole ya anthu atatu

Mutu umodzi susenza denga. Mtima wa wantchito wa m'chipatala uli m'manja mwa anthu atatu.

Woyamba ndiye wolemba ntchito, kaya ndi boma, mpingo kapena mwini chipatala. M'chaka cha 1919 maiko anapangana kuti antchito a m'mafakitale azigwira maola 8 pa tsiku ndi 48 pa mlungu, ndipo lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 liikanso maola 48 monga malire a mlungu wamba. Wolemba ntchito ayenera kulemba anthu okwanira, kugawa bwino masiku a usiku, kupereka tchuthi pa nthawi yake, ndi kumvera antchito akanena zowavuta.

Wachiwiri ndiye wantchito mwini. Ndi chinthu chodabwitsa kuti munthu woyeza magazi a anthu ambiri pa tsiku atha chaka osapereka mkono wake kuti uyezedwe. Muyeso ukakhala pa 140/90 kapena kupitirira, masiku osiyanasiyana, nayenso ndi wodwala, ndipo asachite manyazi kulandira mankhwala. Achepetse mchere, usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku. Aleke fodya, apewe mowa wambiri, ndipo pa tsiku lopuma apumedi. Kupuma si ulesi kapena kudzikonda. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, ndipo ikang'ambika gule yense aima.

Wachitatu ndiye mbale wodikirira wodwala. Iye alibe mphamvu yolemba antchito, koma ali ndi pakamwa. Angathe kudandaula mwaulemu pamene pali cholakwa, ndi kuthokoza pamene pali chabwino. Liwu lofatsa likhazika mtima pansi, ndipo pano mwambiwo uli woona pa mitima yonse iwiri.

Tsono yankho la funso lija ndi lakuti chifundo sichiyenera kupha mwini wake. Munthu angapereke moyo wake mwaufulu pa tsiku la tsoka, anthu namlemekeza. Koma mtundu wa anthu ulibe chilolezo chakudya moyo wa antchito ake pang'onopang'ono chifukwa chakuti iwo sadandaula. Namwino uja akatuluka pachipata m'mawa, maso ali psuu, ayenera kupeza mphasa yomdikira ndi nthawi yokwanira yogonapo, kuti mtima umene wachezera odwala usiku wonse upezenso woudwazika.