WOTSUTSA SALI MDANI

Pali liu la Cingerezi limene lazika mizu m'makomboni a Lusaka, ku Matero, ku Chawama ndi ku Kanyama, kotero kuti ngakhale nkhalamba yosapita ku sukulu ilichula. Liulo ndilo opposition. Ana amene anapita ku tauni abwera nalo kumudzi, ndipo ambiri aliyesa dzina la udani. Akati, "Uje ngwa opposition," anzace amyang'ana ngati mfiti. Kodi kumva kotere nkolungama?

Liuli linacokera ku Cilatini, ndipo tsinde lace ndilo kuika cinthu pandunji pa cinzace kuti ziyang'anane. M'nyumba ya malamulo ya ku London aphungu a boma akhala mbali yina, otsutsa mbali yinzace, maso ndi maso. M'caka ca 1826 phungu wina, John Cam Hobhouse, anawacha otsutsa a Mfumu. Ananena monga nthabwala, koma dzinalo linakhala, pakuti wotsutsa boma ali mwana wa dziko lomwelo. Za udani Angerezi ali ndi liu lina, ndilo enmity.

Makolo anadziwa nzeru yomweyi pamene anati, cala cimodzi siciswa nsabwe. Nsabwe ifa pamene zikhadabo ziwiri ziyang'anana ndi kukanikizana. Koma zalazo sizidana, nza thupi limodzi. Comweconso mfumu yanzeru sigamula mlandu itamva mbali imodzi yokha.

Dziko la Zambia linaphunzira ici ndi misozi. M'caka ca 1971 Simon Kapwepwe, bwenzi la Kenneth Kaunda kuyambira ubwana wao ku Chinsali, anaturuka m'cipani ca UNIP nayambitsa cace, UPP. Mu February 1972 cipanico cinaletsedwa, mwini wace natsekeredwa. Ndipo mu December dziko linakhala la cipani cimodzi. Kodi kutsutsa kunatha? Iai, kunangolowa pansi monga moto wa m'mankhusu. Mu June 1990, utakwera mtengo wa ufa, motowo unabuka m'makomboni a Lusaka, ndipo anthu anafa. Koma mu July 1991 akuru a mipingo anakhazika Kaunda ndi Frederick Chiluba pamodzi m'chalichi ca Holy Cross. Anatsutsana ndi pakamwa, osati ndi miyala. Ndipo atagonja pa cisankho ca pa 31 October, Kaunda anapereka mpando mwa mtendere. Mu 2011 ndi mu 2021 otsutsa analowanso m'boma. Tsono wozunza wotsutsa lero akonza ndodo yodzamkwapula yekha mawa.

Komatu cenjezo liri kwa onse awiri, wolamulira ndi wotsutsa yemwe, pakuti kutsutsana kusanduka udani msanga monga mkaka usasa. Mu July 2021, cisankho ciri pafupi, amuna awiri anaphedwa ku Kanyama pa nkhani za zipani. Ana ao sanatonthozedwe ndi cipani ciri conse copambana.

Nanga munthu adzadziwa bwanji kuti mwa iye muli kutsutsa kapena udani? Ayese mtima wace cotere. Wotsutsa alimbana ndi mlandu, mdani alimbana ndi munthu. Wotsutsa akondwera mnzace akakonza colakwa. Mdani apsa mtima, popeza cifukwa ca kudana camthera. Natani anadzudzula Davide pamaso pace, Paulo natsutsa Petro ku Antiokeya, koma onsewo anafuna kubweza mbale, si kumuononga.

M'komboni anthu a zipani zosiyana atunga madzi pa mpopi umodzi, ndipo pakagwa maliro anyamula bokosi limodzi. Kumudzi kuli cimodzimodzi, pa citsime, pa bwalo ndi m'msonkhano wa mpingo. Cifukwa cace munthu atsutse molimba mtima pamene aona cosalungama. Koma atsutse kotero kuti madzulo akhoze kupita kukapala moto kwa mnansi amene anakangana naye usana.