Mpunga Tidya Liti?

Pali funso limene limamveka pa maliro, pa chinkhoswe, ngakhale pakhomo pa tchalitchi mapemphero atatha: "Kodi mpunga tidya liti?" Ofunsa amakhala azakhali kapena amalume, ndipo wofunsidwayo akangochoka, mlandu umagamulidwa pomwepo: ana a masiku ano ngodzikonda, saopa mwambo. Ine ndifuna tiuone bwino mlanduwu, chifukwa ndikukhulupirira kuti mudzi umene ukufunsa funsoli unaleka kale kupereka zinthu zimene zinkaupatsa mphamvu yolifunsa.

Taganizani za mnyamata wa nthawi ya agogo athu. Potuluka m'gowelo kupita ku chikamwini, iye ankangofunika khasu, nkhwangwa ndi manja olimba. Malo omangapo nyumba ankamulozera apongozi, munda ankampatsa, mitengo ndi udzu zinali kutchire, ndipo ntchito ikakula ankafulula mowa wa dima anthu nadzathandiza. Zikavuta m'nyumba, ankhoswe anali pafupi. Tsono mkulu akafunsa kuti "ukwatira liti?" ankatanthauzanso kuti "zonse takukonzera." Funso ndi thandizo zinkayendera limodzi.

Lero thandizo lija lili kuti? Pa kalembera wa 1966 Amalawi tinali pafupifupi 4 miliyoni. Pa wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni, koma nthaka sinakule ndi phazi limodzi lomwe. Munda umene mkamwini akadalandira unagawidwa kale. Chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, takhala tikuuza ana kuti khasu lawo ndi cholembera. Iwo amvera, atha zaka zambiri pa sukulu, ndipo potuluka apeza kuti ntchito kulibe. Amene waipeza akulipira lendi ya chipinda chimodzi ku Ndirande kapena kwa Chinsapo, fizi ya abale ake aang'ono, ndi mankhwala a amayi kumudzi. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kandalama kamene ankasunga kanasungunukira m'manja. Kodi munthu amene akusenza kale banja la makolo ake tingamutche wothawa udindo?

Pamwamba pa izi, ife tomwe taukweza mtengo ukwati. Chinkhoswe chimene chinkatha ndi nkhuku ziwiri pansi pa mtengo lero chikufuna holo, zovala zofanana ndi wojambula. Kenaka kubwere phwando lotsazikana ndi mkwatibwi, keke, mdipiti wa magalimoto ndi perekaniperekani wa tsiku lonse. Ambiri alowa m'nyumba ndi ngongole asanagule mphika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tasokoneza ukwati, umene uli wa tsiku limodzi, ndi banja, limene lili la moyo wonse. Ndipo amene alephera phwandolo nangolowana mwakachetechete timawawerengabe ngati osakwatira.

Za atsikana nkhani yake ndi inanso. Mtsikana amene anakula akumva alangizi akuuza amayi ake kuti banja ndi kupirira, naona chimene kupirirako kunatanthauza, sathamanga akakhala ndi malipiro akeake. Sakufunanso mwamuna woti azimugulira mchere ndi sopo, akufuna mnzake. Kusankha kumatenga nthawi, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisaiwalenso kuti m'dziko lomweli kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. N'chifukwa chake lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti ngakhale makolo asathe kuloleza mwana kukwatiwa. Umphawi umene ukukwatitsa mwana wa kumudzi msanga ndi womwewo umene ukuchedwetsa mchimwene wake m'tauni. Sitingalire zonse ziwiri ndi kuloza chala kwa ana okha.

Sindikunena kuti achinyamata alibe cholakwa. Alipo anyamata amene amakana banja koma sakana kubereka, nasiya mwana pa msana pa agogo. Apo ndiye pali tchimo, pakuti mwana sanapemphe kubadwa. Koma munthu amene wasankha kudikira, kapena kukhala yekha, osapweteka wina aliyense, alibe ngongole ndi mudzi. Ngongole yathu kwa anzathu ndi chisamaliro, ndipo mbeta yambiri ikusamala anthu ochuluka kuposa ena amene ali ndi mphete pa chala.

Choncho, inu akuluakulu, ngati mufunadi kuona adzukulu, bwezani funso lija pamalo pake. Tsitsani malowolo kumene mumalowola, lolani chinkhoswe cha pansi pa mtengo chikhalenso chaulemu, ndipo lozani pamene ana angamange. Wobwera ndi udzu wofolera ndiye ayenera kufunsa tsiku lolowa m'nyumba.