Kodi kumchitira zonse wodwala ndiye chikondi?

Azakhali anga a ku Mphunzi, kumapiri a Dedza, adadwala sitiroko, mkono ndi mwendo wakumanja n'kufooka. Atatuluka m'chipatala, banja lidachita zimene aliyense wa ife akadachita. Tidawayalira mphasa pakhonde, kumawasambitsa, kumawaveka, kumawadyetsa phala ngati khanda. Tsiku lina adakoka lichero kuti asankhe nyemba, mdzukulu wawo n'kuwalanda: "Agogo, pumulani." Akuti usiku umenewo adalira.

Kodi tidalakwa? Funsoli ndi lovuta. Kwathu kuno, mwana woonerera kholo lake likulimbana ndi batani la malaya amatchedwa wouma mtima. Anansi anganenenso kuti tawatopera. Komatu akuluakulu omwewo adati chifundo chidapha nkhwali.

Alipo akatswiri a zaumoyo a ntchito yotchedwa occupational therapy. Dzinali limasocheretsa: sapezera munthu ntchito yamalipiro, koma amachiza kudzera m'zochita za tsiku ndi tsiku. Bungwe lawo loyamba lidakhazikitsidwa ku America mu 1917, ndipo lusoli lidakula posamalira asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kuno ndi owerengeka. Malo odziwika ophunzitsa anthu kudzidaliranso ndi Kachere ku Blantyre.

Iwo amafunsa wodwala kuti: "Kodi munkachita chiyani chimene mukufuna kuchitanso?" Akamva, amaigawa ntchitoyo m'tizigawo. Povala, muyambe kulowetsa mkono wofooka. Povula, muyambe ndi wamphamvu. Supuni ikamapulumuka, aikulunge nsalu kapena mphira kuti chogwirira chinenepe. Ngati kunjuta m'chimbudzi kukukanika, aikemo mpando woboola pakati ndi mtengo wogwirira. Chifukwa chake n'chakuti mkono umene sugwiritsidwa ntchito umauma, ndipo ubongo umaphunziranso pobwerezabwereza, makamaka m'miyezi yoyambirira. Choncho pamene tinkawalanda lichero azakhali, tinkawalanda mankhwala.

Koma ine chimandivuta kwambiri si cha mkono. Mayi amene wadyetsa mudzi zaka zonsezi, mukamuuza kuti angokhala, mwamuuza kuti zake zatha. Ndivomerenso kuti nthawi zina timathandiza pofuna kufulumira. Kumveka munthu n'kwa mphindi zochepa. Kudikira kuti avale yekha kumadya nthawi, ndipo ife a m'tauni, ngakhale tikamazonda odwala ndi mphakati wathu, maso amakhala pa wotchi.

Sindikuti tizisiya odwala azivutika. Alipo amene sangathenso kudzichitira kanthu, ndipo kuwasambitsa ndi udindo wathu. Enanso amatopa msanga kapena angagwe. Apo pamafunika malangizo a kuchipatala. Chovuta ndi kuzindikira pamene dzanja lathu likufunika ndi pamene likutchinga, ndipo malirewo amasuntha sabata ndi sabata.

Nditapitako nthawi yokolola, ndidawapeza akutong'ola chimanga, chitsononkho atachipanikiza pantchafu ndi mkono wofooka uja. Maso a chimanga ankagwera panja pa dengu, nkhuku zili pikitipikiti. Manja anga adayabwa. Ndidawapinda, n'kuyamba kuwafunsa za mbatata ya kachewere ya chaka chino.