Ndani Adzayankha M'malo mwa Nkhalamba?

Pali funso limene ambiri a ife timaliopa: kholo lathu likakalamba, nzeru nkuyamba kulithawa, ndani adzasunga ndalama zake, nanga ndani adzayankha dokotala m'malo mwake? Ena amati kufunsa zotere kholo likali moyo nkulikumbira manda likuyenda. Ine sinditero. Ambuye athu ali pa mtanda sanayembekeze kuti abale adzakambirane maliro atatha. Iwo anapereka Amayi awo m'manja mwa Yohane akali kulankhula.

Kale mwini mbumba ankaweruza zotere, onse namvera. Koma banki sidziwa mwini mbumba. Imadziwa dzina lolembedwa ndi siginecha. Wilo nayonso sithandiza pano, pakuti imayamba kugwira ntchito mwini wake atamwalira, ndipo lamulo la Malawi la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye limateteza otsala. Nkhalamba imene ikali moyo isowa china: kalata yopereka mphamvu kwa munthu amene yadzisankhira yokha, yolembedwa kwa loya mutu wake ukali bwino. Ku England, kuyambira 2007, munthu angathe kulemba makalata awiri otere, ina ya chuma, ina ya matenda, ndipo sakutha mphamvu mwini wake akasokonezeka mutu. Kwathu kuno mfunseni loya msanga kuti kalatayo idzalekera pati.

Tsono wosankhidwayo adziwe kuti ndi kapitawo chabe. Penshoni ya agogo si fizi ya ana ake. Alembe m'kope khobidi lililonse, abale alione. Kodi sitinaone mdzukulu atasunga khadi la ku banki, agogo akugona ndi njala?

Chovuta koposa chili ku chipatala. Papa Pius XII anaphunzitsa mu 1957 kuti munthu ayenera kulandira chithandizo chawamba, koma sakakamizidwa ku njira zolemetsa kopambana. Katekisimu wa 1992 anaonjeza kuti wodwala akalephera kudzinenera, omuimirira alemekeze zimene iye mwini akadafuna. Kuleka mankhwala osathandizanso si kupha. Kufulumizitsa imfa mwadala ndiye tchimo. Koma mwana adzadziwa bwanji zimene bambo ake akadafuna ngati sanawafunsepo? Khalani nawo pansi, amalume alipo, muwafunse: "Bambo, mukadzadwala kwambiri, tidzakusungeni ku chipatala kapena kunyumba? Wansembe tidzamuitane liti?"