Kambuku Amene Sanapite Pamsika

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pakati pa anthu aluso: "Uja anadzigulitsa." Timanena mawuwa kwa woyimba amene wayamba kupeka nyimbo zotsatsa malonda, kwa mlembi amene wayamba kutamanda omudyetsa, ngakhalenso kwa wosema ziboliboli amene wasiya za kumtima kwake n'kumasema zokhazo zimene alendo amagula. Koma kodi kudzigulitsa n'kutani kwenikweni? Kodi aliyense wolandira ndalama chifukwa cha luso lake wadzigulitsa? Ngati zili choncho, ndiye kuti waluso wokhulupirika ndi yekhayo wogona ndi njala. Tiyeni tisinkhesinkhe funsoli poyang'ana amuna awiri a ku America amene ntchito yawo inali kujambula makatuni a m'nyuzipepala, tinkhani ta zithunzi tija ta m'timabokosi titatu kapena tinayi, timene ambiri timathamangira tisanawerenge za ndale.

Woyamba ndi Bill Watterson, amene anabadwa mu 1958 ndipo anakulira m'tauni ya Chagrin Falls m'chigawo cha Ohio. Atamaliza maphunziro pa Kenyon College mu 1980 analembedwa ntchito yojambula makatuni a ndale ku nyuzipepala ya Cincinnati Post, koma patangotha miyezi yowerengeka anamuchotsa. Kwa zaka zingapo ankadyera kukonza zithunzi zotsatsa malonda, uku akutumiza makatuni ake ku makampani amene ankangomubwezera. Mwayi unamugwera pa 18 Novembala 1985 pamene katuni yake yotchedwa Calvin and Hobbes inayamba kutuluka m'nyuzipepala 35. Pofika mu 1995 inkatuluka m'nyuzipepala zoposa 2,400 m'maiko osiyanasiyana.

Nkhani yake ndi ya kamnyamata ka zaka 6, kopulupudza koma kozama maganizo, dzina lake Calvin, ndi bwenzi lake Hobbes, kambuku wa mizeremizere uja wa ku Asia. Mayina awiriwa anatengedwa kwa John Calvin, mphunzitsi wa za chipembedzo, ndi Thomas Hobbes, woganiza mozama wa ku England. Kukoma kwa katuniyi kwagona apa: Calvin akakhala yekha ndi Hobbes, kambukuyo ndi wamoyo, amayankhula, amamuseka, amamudumphira pakhomo akamachokera kusukulu. Koma m'chithunzi mukangolowa munthu wina, Hobbes amaoneka ngati chidole cha nsalu chongokhala phee. Wojambulayo sanagamulepo kuti Hobbes weniweni ndi uti. Anasiyira wowerenga aliyense kuti adzionere yekha kuti mwana ndi wamkulu angathe kuyang'ana chinthu chimodzi n'kuona ziwiri zosiyana.

Ku America wojambula makatuni amachita mgwirizano ndi kampani imene imagulitsa ntchito yake ku nyuzipepala zambiri n'kumagawana naye ndalama. Koma chuma chenicheni chimachokera ku zidole, malaya, makapu ndi mafilimu okhala ndi nkhope za m'katunimo. M'zaka zomwezo mphaka wotchedwa Garfield, wojambulidwa ndi Jim Davis, anali atadzaza m'masitolo mpaka pa mawindo a magalimoto. Kampani ya Universal Press Syndicate inkafuna kuti nayenso Hobbes apite pamsika, ndipo lamulo linali kumbali yake, pakuti Watterson adakali wosadziwika anali atasainira mgwirizano wopereka ufulu wonsewo kwa kampaniyo. Iye anakana. Mkanganowo unatenga zaka zingapo, ndipo anali wokonzeka kusiya ntchito. Mu 1991 kampaniyo inagonja n'kulembanso mgwirizano womupatsa iye mphamvu pa katuni yake. Kupatula mabuku, makalendala awiri ndi tinthu tina towerengeka, palibe katundu wa Calvin and Hobbes amene anagulitsidwa ndi chilolezo chake.

Chifukwa chake chinali chomveka. Chidole cha Hobbes chikanaikidwa pa shelefu ya m'sitolo ndi mtengo wake pamphumi, funso lija likanayankhidwa ndi fakitale: Hobbes ndi nsalu yofutidwa thonje, basi. Komanso katuniyi inkaseka dyera ndi mtima wokonda kugula zilizonse. Ikanapitiriza bwanji kuseka zimenezi pamene eni nkhaniyo akuitanira anthu malonda? Watterson anaona kuti pusi amene anati ichi chakoma ichi chakoma anagwa chagada. Iye anasankha chimodzi, ndicho katuniyo, n'kusiya zinazo. Pa 31 Disembala 1995, ali ndi zaka 37 zokha ndipo anthu akumufunabe, anaika cholembera pansi atajambula makatuni 3,160, ponena kuti wachita zonse zimene akanatha m'timabokosi ting'onoting'ono ndi m'nthawi yopanikiza ya nyuzipepala.

Pofika apa n'kosavuta kuomba m'manja n'kugamula kuti kukhulupirika ndiko kukana ndalama. Koma tisathamange, pakuti mwamuna wachiwiri akusokoneza chigamulo chimenechi. Iyeyu ndi Charles Schulz, mwini katuni ya Peanuts, ya kamnyamata kosowa mwayi Charlie Brown ndi galu wake Snoopy, imene inayamba pa 2 Okutobala 1950 m'nyuzipepala 7. Watterson mwiniwakeyo ankavomereza kuti Schulz ndi mmodzi mwa amene anamuphunzitsa luso kudzera m'ntchito yawo. Komatu Schulz analola pafupifupi zonse zimene Watterson anakana. Snoopy anakhala chidole, anakhala pa malaya, anaonekera pa wailesi yakanema, ndipo kuyambira mu 1985 mpaka mu 2016 ankatsatsa malonda a kampani ya inshuwalansi ya MetLife. Schulz analemera kwambiri. Ngakhale dzina loti Peanuts silinali lake. Anachita kumupatsa ndi a kampani ya United Feature Syndicate, ndipo iye sanalikonde mpaka imfa yake.

Kodi tinene kuti Schulz anadzigulitsa? Taonani mbali inayi. Kwa zaka pafupifupi 50 iye analemba ndi kujambula yekha makatuni onse 17,897, osalola wothandiza kugwira cholembera, ngakhale pamene dzanja lake linayamba kunjenjemera. Ndipo tsiku loyesedwa linamufikira. Mu 1968, Martin Luther King ataphedwa, mphunzitsi wina wa ku Los Angeles, Harriet Glickman, anamulembera kalata yopempha kuti aikemo mwana wachikuda m'katuniyo. Pa 31 Julayi chaka chomwecho Franklin anaonekera koyamba akucheza ndi Charlie Brown m'mbali mwa nyanja. Pambuyo pake Schulz anamujambula atakhala m'kalasi imodzi ndi ana achizungu, pa nthawi imene nkhani yosakaniza ana m'sukulu inali ya moto kum'mwera kwa America. Madandaulo anabwera, ndipo malinga ndi mmene Schulz anadzafotokozera, anauza mkulu wa kampani yake kuti asindikize monga wajambulira, apo ayi asiya ntchito. Atadwala khansa analengeza mu Disembala 1999 kuti akupuma, ndipo chifuniro chake chinali choti wina asadzapitirize kujambula katuniyo m'nyuzipepala. Anamwalira pa 12 Febuluwale 2000, ndipo katuni yake yotsanzika inatuluka m'mawa mwake.

Ndiye tili ndi anthu awiri: wina anakana msika, wina anaulandira ndi manja awiri. Komabe onsewo anali ndi malire amene ndalama sizikanawadutsa, ndipo onsewo anafika ponena kuti bola ntchito ithe. Kwa Watterson malirewo anali pa chinsinsi cha Hobbes. Kwa Schulz anali pa timabokosi tinayi tija: kunja kwake gulitsani Snoopy mmene mungafunire, koma m'kati mwake simulowa dzanja kapena mawu a wina. Apa ndi pamene ine ndikuona yankho. Kukhulupirika kwa waluso sitingakuyeze ndi kulemera kapena kupepuka kwa thumba lake. Tikuyeze pofunsa ngati iye akudziwa pamene pagona moyo wa ntchito yake, ndiponso ngati ali wokonzeka kuluza kanthu kuti pamenepo pasakhudzidwe.

Pali zotsutsa zimene sitiyenera kuzizemba. Wina anganene kuti kukana n'kosavuta kwa munthu wokhuta. Mabuku a Calvin and Hobbes anagulidwa mamiliyoni ambirimbiri, kotero Watterson sankagona ndi njala. Nanga wojambula amene akudikira kandalama ka mkonzi kuti alipire lendi ndi fizi ya ana, nayenso akane? Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo n'chifukwa chake sibwino kufulumira kuloza chala waluso wosauka amene wajambula chikwangwani cha sopo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma tikumbukire kuti kujambula chikwangwani cha sopo n'kosiyana ndi kujambula bodza. Woyamba wagulitsa nthawi ndi dzanja, wachiwiri wagulitsa maso amene anthu amamudalira nawo. Umphawi ungathe kusuntha malire, koma sungawafafanize onse, pakuti waluso wopandiratu malire wasanduka chida cha aliyense wobwera ndi chikwama.

Wina anganenenso kuti kukana kwa Watterson kunangopindulitsa akuba. N'zoona kuti anthu opanda chilolezo anasindikiza malaya ndi timapepala tomata pa magalimoto toonetsa Calvin akuchita zonyansa zimene mwini wake sanajambulepo. Koma zimenezi sizikusonyeza kuti analakwa. Munthu amayankha mlandu pa zimene wachita ndi manja ake, ndipo kuberedwa n'kosiyana ndi kugulitsa. Wowerenga akatsegula buku la Calvin and Hobbes lero amapeza kambuku yemwe uja, funso lake lidakali lamoyo monga linalili mu 1985.

Mwina ena akudabwa kuti nkhani yaikulu chonchi tikuikambira pa tizithunzi toseketsa. Komatu katuni ya m'nyuzipepala ndi luso lokhala pakati penipeni pa msika. Imasindikizidwa kuti pepala ligulidwe, imawerengedwa mphindi imodzi, mawa lake pepalalo akulungira tomato kapena usipa. Ngati munthu angathe kusunga chikumbumtima pamalo otere, ndiye kuti wolemba ndakatulo, wopeka sewero ndi wolemba nkhani alibe pothawira. Tonsefe ogwira cholembera tsiku lina wogula adzatigogodera, ndipo sadzabwera ndi nkhope yoopsa. Adzabwera akumwetulira, ndi pempho laling'ono loti tisinthe mzere umodzi, tichotse munthu mmodzi m'nkhani, tifewetse mawu amodzi. Zina mwa zimenezo tidzavomera, ndipo sikudzakhala kulakwa. Chofunika n'chakuti aliyense akhale atadziwiratu, wogulayo asanafike pakhomo, chimene m'ntchito yake sichipita pamsika.