Tulo ta Anthu Okhala M'mbali mwa Msewu

Aphunzitsi, funso la sabata ino lioneka lapafupi, koma mukalifunsa ana okulirapo mudzaona kalasi ikugaŵikana paŵiri. Funsolo nali: kodi n'chilungamo kuti anthu oŵerengeka asoŵe tulo kuti anthu ambiri ayende bwino?

M'mizinda yaikulu, misewu amaikonza usiku kaŵirikaŵiri. Chifukwa chake n'chomveka. Kutseka msewu masana ndiko kuchedwetsa khamu la anthu opita ku ntchito, ku sukulu ndi ku chipatala. Koma m'mbali mwa msewuwo muli nyumba, ndipo m'nyumbazo mugona makanda, odwala ndi ena ofunika kulaŵirira.

Fotokozerani ana zimene zidachitika mumzinda wa Boston ku America. Msewu waukulu wodutsa pakati pa mzindawo udatsegulidwa m'chaka cha 1959 kuti uzinyamula magalimoto 75,000 pa tsiku, koma patapita zaka ngati 30 unkanyamula pafupifupi 200,000. Tsono adaganiza zouloŵetsa pansi pa nthaka. Ntchitoyo, yotchedwa Big Dig, idayamba mu 1991 ndi kutha mu 2007. Popeza magalimoto sadaleke kuyenda pamwamba, ntchito yambiri inkagwiridwa usiku, pafupi ndi mazenera a anthu.

Mwina muganiza kuti anthu adadandaula kwambiri ndi makina okumba. Iai. Chimene chidaŵasautsa koposa ndi kabelu kamene kamalira lole ikamabwerera m'mbuyo. Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo musafulumirepo. Kabeluko adakapanga dala kuti kaziboola m'khutu, pakuti ntchito yake ndi kuchenjeza wantchito amene waima kumbuyo kwa lole kuti asapondedwe. Kulira komweko kumene kupulumutsa mmodzi ndiko kumene kudzutsa mnzake pakati pa usiku. Woyendetsa lole sadalakwe, ndipo wodandaulayo sadaname. Ana azoloŵera nthano zokhala ndi munthu wabwino ndi woipa, koma muno woipa mulibe.

Mwana wina adzati, "Angopirira, n'zakanthaŵi." Muyamikeni, pakuti kupirira n'kofunika, kenaka muŵerenge naye zaka. Khanda lobadwa pamene ntchito inkayamba lidali ndi zaka 16 pamene inkatha. Ndiponso kusoŵa tulo kumadwalitsa. Mu 2009 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, lidalangiza maiko a ku Ulaya kuti phokoso la usiku kunja kwa nyumba lisapitirire madesibelo 40, ndipo lidachenjeza kuti likapitirira 55 anthu akhoza kudwala mtima. Kuuza wina kuti apirire n'kosavuta kwa iye amene agona kutali. Paja akulu amati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Nanga a ku Boston adatani? Ntchito sadaileke, ndipo ine ndiganiza kuti adachita bwino posaileka. Koma adalamula kuti malole akhale ndi mabelu otheka kuchepetsa mawu. M'malo ena oyandikana ndi nyumba, belu ankalitontholetsa usiku, m'malo mwake munthu ankaima kumbuyo kutsogolera dalaivala. Adamanga zotchinga phokoso, adaika mazenera atsopano m'zipinda zogona za nyumba zina, ndipo panali anthu oyendera malo a ntchito usiku kuyeza phokoso.

Zonsezi zidadya ndalama, ndipo ndalamazo zidachokera m'thumba la ntchitoyo, ndiko kunena kuti kwa anthu ambiri aja. Thandizani ana kuona kusiyana kwake. Poyamba katundu yense adali pamutu pa ogona m'mbali mwa msewu. Pambuyo pake opindula ndi msewuwo adasenzako mbali ina. Kuchuluka kwa opindula kungakhale chifukwa chokwanira chogwirira ntchito usiku, koma sikufafaniza ngongole imene ali nayo kwa amene aŵalanda tulo.

Ngati nthaŵi ilipo, bwererani kwa munthu uja woima kumbuyo kwa lole. Iyenso ali ndi nyumba, ndipo aloŵamo kuti agone pamene mzinda wonse ukudzuka ndi phokoso lake. Funsani ana kuti tulo take asamala ndani, ndipo muŵalole atsutsane.