Moto wa Lero ndi Moto wa Adzukulu Athu



Tisanatsegule buku lathu sabata ino, tiyeni tisinkhesinkhe za moto wophikira ndi nyali younikira. Ambirife tikukumbukira masiku amene amayi ankatola nkhuni kuseri kwa mudzi n'kubwerako dzuwa lisanakwere. Lero ana athu aakazi amayenda mtunda wautali, ena amachedwa nazo kusukulu, ndipo thumba la makala likukwerabe mtengo.

Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti tachuluka. Kalembera wa 2008 anapeza anthu oposa 13 miliyoni m'Malawi muno. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa 600,000 mwa iwo anali kuno ku Mchinji. Pa dziko lonse lapansi anthu anakwana 8 biliyoni mu Novembala 2022. Mwana aliyense ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo adzafuna nsima yakupsa bwino ndi kuwala kowerengera usiku. Koma kalembera wa 2018 anaonetsanso kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, pamene ounikira magetsi anali pafupifupi 11 mwa 100.

Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga Kapichira, ndipo dziko linasowa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi a Kariba, abale athu a ku Chipata n'kumakhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Tisaganize kuti zimenezi zili kutali ndi ife. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a Mchinji, umathira m'Nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayo ndiyo imadyetsa Shire. Phiri likayera, madzi a mvula salowa pansi. Amakokolola nthaka, ndipo timitsinje timauma msanga m'chilimwe.

Bahá'u'lláh akutiphunzitsa kuti anthu onse ndi banja limodzi, ndiponso kuti chinthu chilichonse, ngakhale chitukuko, chikapyola muyeso chimabala mavuto. M'banja limeneli mulinso adzukulu athu amene sanabadwe. Iwo sangathe kulankhula pa zokambirana zathu, choncho chilungamo chikufuna kuti tiwalankhulire ndife. Nkhalango tinaipeza, ndipo taisungitsidwa chabe.

Koma tichenjere ndi mtima woweruza. Bambo amene amaotcha makala ndi mbale wathu. Akufuna fizi ya mwana ndi thumba la feteleza. Ifenso amene timagula makalawo tili m'nkhani yomweyi. Kumunena mseri sikubzala mtengo ngakhale umodzi. Chofunika ndi kukhala naye pansi, kukambirana moona mtima ndi mwachikondi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pa zokambirana zotere amayi ayambe ndiwo kulankhula, chifukwa mtolo wa nkhuni ndi utsi wa m'khitchini amazidziwa ndi iwo.

Chikhulupiriro chathu chimatiuzanso kuti sayansi ndi chipembedzo zimayendera limodzi. Pemphero limatipatsa mtima wotumikira, ndipo nzeru za sayansi zimatisonyeza njira. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021. M'boma lathu lomwe lino, m'mudzi wa Sitolo kwa Mfumu Mlonyeni, bungwe la Community Energy Malawi linakhazikitsa magetsi a sola a makilowati 80, amene amafika m'nyumba ndi m'mabizinesi ang'onoang'ono. Dzuwa lomwe limaumitsa mtedza wathu likhoza kuunikira mwana wolemba mayeso.

Si mudzi uliwonse umene ungapeze makina otere chaka chino, koma pali zimene tingayambe. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu ndipo utsi wake ndi wochepa. Nyemba zikaviikidwa usiku zimapsa msanga. Mitengo ya nandolo ikauma ndi nkhuni. Zitsa zophukira m'munda, tikazitengulira ndi kuziteteza ku moto wolusa, zimakula msanga kuposa mbande zatsopano. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, ndiye kuti nazale tiyenera kuikonzeratu miyezi ingapo m'mbuyo.

Tiyeni tikambirane mafunso awa:

1. Kodi pakhomo pathu amakatola nkhuni ndani, ndipo zimamutengera maola angati pa sabata?
2. Tingathandize bwanji mbale woti moyo wake umadalira makala, popanda kumuchititsa manyazi?
3. Ndi ntchito iti imodzi yotumikira imene gulu lathu, pamodzi ndi achinyamata achichepere komanso a mfumu, lingayambe mwezi uno?

Zimene tigwirizane tizilembe, ndipo tikakumananso aliyense adzafotokoze zimene wachita ndi zimene waphunzirapo.